Chifundo Chobwera ndi Chikoti

Pa 23 Malichi 2010, mumzinda wa Washington, Barack Obama, mtsogoleri wa dziko la America pa nthawiyo, adasainira lamulo lotchedwa Affordable Care Act, limene oliyanja ndi olida omwe adangolitcha Obamacare. Ndipo popeza papita zaka zokwanira kuti fumbi la mikangano ya masiku aja likhazikike, ndiona kuti yakwana nthawi yakuti mlanduwu tiuzenge mofatsa monga achitira akulu pabwalo, kutali ndi phokoso la ofuna mavoti. Chigamulo changa sindichibisa. Iwo amene adakana mtima wa lamuloli, ndiwo ndime youmiriza munthu aliyense kugula inshuwalansi ya zaumoyo kapena kulipa chindapusa, adali ndi chilungamo kumbali yawo, chinkana adanenedwa kuti ndi anthu ouma mtima osasamala za odwala. Ndipo zimene zidachitika m'zaka zotsatira zawachitira umboni koposa mmene iwo eni akadadzichitira.

Ndisananene zambiri, ndiyenera kuvomereza kuti nthenda imene lamuloli lidadzera kudzachiza idali nthenda yeniyeni. Ku America kulibe chipatala cha boma chimene munthu aliyense angalowe ndi kuthandizidwa kwaulere monga tidazolowera kuno, ndipo m'chaka cha 2010 anthu pafupifupi 50 miliyoni, ndiwo 16 pa anthu 100 alionse, adalibe inshuwalansi konse. Makampani ankaloledwa kukana munthu chifukwa chakuti ali kale ndi matenda a shuga, a mtima kapena khansa, kotero kuti amene ankasowa thandizo koposa onse ndiye ankabwezedwera pakhomo. Lamulo la 2010 lidaletsa nkhanza imeneyi, lidalola ana kukhalabe pa inshuwalansi ya makolo awo kufikira zaka 26, lidakulitsanso Medicaid, ndilo thumba la boma lolipirira osauka. Ndipo pofika 2016 chiwerengero cha opanda inshuwalansi chidatsika kufika pafupifupi 9 pa 100. Wokana zimenezi akana kuwala kwa dzuwa. Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo ndizo ndifuna tione.

Okonza lamuloli adalingalira motere: ngati makampani aletsedwa kukana odwala, anthu athanzi adzadikira kufikira tsiku limene adzadwale ndipo pamenepo ndi pamene adzathamangire kukagula inshuwalansi, thumba lidzadzaza ndi odwala okhaokha, mitengo idzakwera, ndipo zonse zidzagwa, tsono, pofuna kupewa zimenezi, aliyense aumirizidwe kugula, afune asafune. Kwa odandaula ankayankha kuti walira mvula walira matope. Maganizo amenewa ali ndi nzeru yake ya masamu, koma adalumpha funso limene liyenera kutsogolera masamu onse, ndilo lakuti boma lidaitenga kuti mphamvu yolanga munthu amene sadabe, sadavulaze mnzake, sadanamize boma, koma wangokhala pakhomo pake osagula katundu wa kampani ya anthu ena. Ofesi yowerengera ndalama ya Nyumba ya Malamulo ya dzikolo, Congressional Budget Office, idanena kale mu 1994, pamene ganizo lofananalo linkakambidwa m'masiku a ulamuliro wa Bill Clinton, kuti boma lalikulu silidayambe lalamulapo anthu kugula chinthu kuti akhale olungama pamaso pa lamulo. Ena ankati, nanga inshuwalansi ya galimoto si yokakamiza? Koma imeneyo ilamulidwa ndi maboma a zigawo, ndipo wosaifuna angathe kuleka kuyendetsa galimoto. Pamene lamulo ili lidagwira munthu pa chifukwa chokhacho chakuti ali moyo ndipo akupuma. Kuli ngati mfumu ya m'mudzi, poona kuti njala imavuta chaka ndi chaka, ilamule kuti banja lililonse lizigula chimanga kwa amalonda amene iyo yawavomereza, pa mtengo umene amalondawo anena, ndipo wosagula apereke nkhuku kubwalo. Njalayo ndi yoona, koma amalondawo ndiwo agone tulo tabwino.

Kuti timvetse mantha a otsutsa, tibwerere ku 1942, ku mlandu wa mlimi wina wa ku Ohio, Roscoe Filburn. Boma, pofuna kukweza mtengo wa tirigu, lidamloleza kulima maekala 11 okha, koma iye adalima maekala 23, nati wopitirirayo ndi wodyetsa ziweto zake ndi banja lake, sapita naye kumsika. Bwalo Lalikulu la Milandu lidamgamula kuti walakwa, ponena kuti munthu wodzilimira yekha sagula kumsika, ndipo kusagula kwakeko, kukaphatikizana ndi kwa alimi ena, kukhudza malonda a pakati pa zigawo, amene Nyumba ya Malamulo ili ndi mphamvu yowayang'anira. Kuchokera pa tsikulo, ndime yaing'ono ya m'malamulo aakulu a dzikolo yonena za malonda idakhala ikutanuka chaka ndi chaka, ndipo mu 2010 boma lidafuna kuitanula kufikira pakuti ngakhale munthu wosalima, wosagulitsa ndi wosagula kanthu, nayenso awerengedwe kuti ali pa malonda. Zigawo 26 mwa zigawo 50 za dzikolo zidapita kukhoti kukakana, ndipo zidachita bwino. Pakuti boma likaloledwa kulamula munthu kugula chinthu chifukwa chakuti kusagula kwake kukhudza msika, palibenso chinthu pansi pa thambo chimene silingamlamule kugula.

Pa 28 Juni 2012 Bwalo Lalikulu lidapereka chigamulo chimene mpaka lero chimandisautsa mtima. Oweruza asanu mwa asanu ndi anayi, kuphatikizapo mkulu wawo John Roberts, adavomereza kuti otsutsa anena zoona, kuti mphamvu yoyang'anira malonda siipatsa boma ufulu wokankhira munthu m'malonda amene sadawafune. Koma Roberts yemweyo adatembenuka, nagwirizana ndi oweruza anayi otsalawo, nati chindapusacho chingathe kuwerengedwa ngati msonkho, ndipo pakuti boma lili ndi mphamvu yokhometsa msonkho, lamulo liime. Tsono taonani: mu Sepitembala 2009, pamene lamuloli lidali lisanadutse, Obama adafunsidwa pa wailesi yakanema ndi mtolankhani George Stephanopoulos ngati chindapusachi si msonkho, ndipo iye adakana kwamtuwagalu. Kwa anthu ovota adati si msonkho, pakuti ankadziwa kuti msonkho watsopano pa anthu wamba sungadutse. Kwa oweruza, maloya a boma adati ungathe kukhala msonkho, pakuti ndiyo njira imene idatsala. Chinthu chimodzi sichingakhale ndi nkhope ziwiri, ina yoonetsa eni dziko ndi ina yoonetsa oweruza, popanda wina kunyengedwa. Ndipo onyengedwawo adali eni dziko.

Kadutsidwe kake ka lamuloli nakonso sikadali kolemekezeka. Nyumba ya Senate idalivomereza m'mawa wa pa 24 Disembala 2009, anthu ali kalikiliki ndi Khrisimasi, ndi mavoti 60 kwa 39, ndipo voti ya 60 idapezeka pamene Ben Nelson wa ku Nebraska adalonjezedwa kuti chigawo chake chokha chidzalipiridwa ndalama za Medicaid zimene zigawo zina zidzadzilipirira; pangano limeneli lidanunkha kwambiri kotero kuti pambuyo pake adalichotsa, koma ntchito yake lidali litagwira kale. Mwezi wotsatira anthu a ku Massachusetts, chigawo chimene kwa zaka makumi ambiri chidatuma Edward Kennedy, wa chipani cha Obama cha Democratic, ku Senate, adasankha Scott Brown wa chipani cha Republican, amene adalonjeza poyera kuti akaimitsa biluyo. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma atsogoleri sadamve. Adafunafuna njira ya m'malamulo a Senate yozembera voti imene idawatayikayo, ndipo pa 21 Malichi 2010 Nyumba ya Aphungu idavomereza ndi mavoti 219 kwa 212, popanda ndi mmodzi yemwe wa chipani chotsutsa, aphungu 34 a chipani cholamula atakananso. Masiku angapo izi zisanachitike, Nancy Pelosi, amene ankatsogolera Nyumbayo, adauza msonkhano wina kuti bilu iyenera kudutsa kaye kuti anthu adziwe zimene zili m'katimo. Bilu ya masamba oposa 2,000, yokhudza thupi la munthu aliyense m'dziko! Malamulo aakulu a m'mbuyo, monga Social Security ya 1935 ndi Medicare ya 1965, adadutsa ndi mavoti a zipani zonse ziwiri, n'chifukwa chake adakhazikika. Ili lidasenzedwa ndi mutu umodzi, ndipo denga lake lakhala likugwedezeka m'makhoti zaka zoposa khumi.

Wina asaganize kuti ndikuyeretsa chipani china ndi kudetsa chinzake. Ganizo loumiriza anthu kugula inshuwalansi lidatulukira mu 1989 ku Heritage Foundation, bungwe la anthu a maganizo oyandikana ndi chipani cha Republican, ndipo woyamba kuliika m'lamulo adali Mitt Romney, bwanamkubwa wa chipani chomwecho, ku Massachusetts mu 2006. Obama mwini wake, polimbirana mpando ndi Hillary Clinton mu 2008, ankalitsutsa ganizoli, ponena kuti anthu salephera kugula chifukwa cha kusafuna koma chifukwa cha kusowa ndalama. Adanena zoona asanalowe m'nyumba yachifumu, ndipo atalowa adaziiwala. Chilakolako cholamulira moyo wa ena chilibe chipani, ndipo mneneri Samueli, pochenjeza Aisraele za makhalidwe a mfumu imene ankailirira, sadasiyanitse mfumu ya fuko ili ndi ya fuko lina.

Tsopano tifike pa chimene chimandiwawa koposa, ndicho funso lakuti chikoticho chidagwa pa msana wa yani. Chindapusa chidayamba mu 2014 pa madola 95 pa munthu wamkulu, kapena gawo limodzi pa 100 la zopeza za banja, chimene chili chachikulu pa ziwirizo. Pofika 2016 chidakwera kufika madola 695 kapena magawo awiri ndi theka pa 100. Osaukitsitsa adakhululukidwa, inde, ndipo olemera ndi olembedwa ntchito m'makampani aakulu adali nayo kale inshuwalansi. Otsala pakati ndiwo adalipira. Lingalirani za munthu wa m'zaka zimenezo wodzilemba yekha ntchito, mmisiri wa matabwa kapena mayi wometa tsitsi, amene zopeza zake zapitirira pang'ono malire a Medicaid. Iye waona mtengo wa inshuwalansi ya mwezi ndi mwezi, waonanso kuti angakhale ataigula adzayenera kudzilipirira yekha madola masauzande angapo kampani isanayambe kuthandizapo, ndipo wawerengera lendi, mafuta a galimoto ndi chakudya cha ana, nagamula kuti chaka chino sangathe. Mwezi wa Epulo ukafika, akhala patebulo ndi fomu yake ya msonkho, ndipo pa fomupo apeza mzere womfunsa ngati adali ndi inshuwalansi miyezi yonse ya chaka. Ayankha zoona, ndipo ndalama zimene boma likadambwezera pa msonkho wake, zimene adaziwerengera kale kuti alipire ngongole, zidulidwa. Atuluka m'chakacho alibe inshuwalansi, alibenso madola mazana angapo. Mabuku a ofesi ya misonkho ya dzikolo aonetsa kuti pa chaka cha 2015 mabanja oposa 6 miliyoni adalipa chindapusachi, ndipo unyinji wawo udali wa opeza ndalama zosafika madola 50,000 pa chaka. Lamulo lodzera kudzathandiza osowa lidasanduka lowalipiritsa chifukwa cha kusowa kwawoko.

Malonjezo ena nawonso adasweka poyera. Obama adabwereza kambirimbiri kuti amene akonda inshuwalansi imene ali nayo adzaisunga, koma kumapeto kwa 2013 anthu mamiliyoni adalandira makalata owauza kuti inshuwalansi yawo yathetsedwa pakuti siikwanitsa muyeso umene boma laika. Ndipo bungwe lofufuza zonena za andale la PolitiFact lidatcha lonjezolo bodza lalikulu la chakacho. Muyesowo udalamula kuti inshuwalansi iliyonse yogulitsidwa kwa munthu payekha ikhale ndi magulu khumi a chithandizo, kuphatikizapo uchembere, kotero kuti mwamuna wosakwatira ndi mayi amene adaleka kale kubala sakadathanso kugula yotsika mtengo yogwirizana ndi moyo wawo. Pa nthawi ya chisankho cha 2008 kudalonjezedwa kuti banja lidzapulumutsa madola 2,500 pa chaka. Koma unduna wa zaumoyo wa dzikolo udalengeza mu 2017 kuti m'zigawo 39 mtengo wapakati wa inshuwalansi yodzigulira udakwera kuchoka pa madola 232 pa mwezi mu 2013 kufika pa madola 476 mu 2017. Olandira thandizo la boma logulira inshuwalansi sadaumve kwambiri ululuwo, koma opeza zopitirira malire a thandizolo adausenza wonse. Za webusaiti yolembetserapo inshuwalansi ya HealthCare.gov, imene idatsekulidwa pa 1 Okutobala 2013 ndi kulemba anthu asanu ndi mmodzi okha tsiku loyamba, sindinenapo zambiri. Makina amakonzeka, ndipo adakonzedwa.

Chimene sichikonzeka msanga ndi chikumbumtima chikapondedwa. Pali gulu la masisitere a Chikatolika lotchedwa Little Sisters of the Poor, loyambitsidwa ndi Jeanne Jugan ku France mu 1839, limene ntchito yake ndi kusunga nkhalamba zosauka, kuzisambitsa, kuzidyetsa ndi kukhala pambali pake kufikira mpweya womaliza. Unduna wa zaumoyo, pogwiritsa ntchito mphamvu imene lamuloli lidaupatsa, udalamula kuti inshuwalansi ya olembedwa ntchito ikhale ndi njira zakulera zaulere. Matchalitchi adakhululukidwa, koma nyumba za masisiterewa sizidawerengedwe ngati tchalitchi. Boma lidawapatsa njira ina, yakuti asainire chikalata kuti kampani ya inshuwalansi ipereke zinthuzo m'malo mwawo, koma iwo adaona kuti siginecha yawoyo ndiyo kiyi wotsekulira chinthu chimene chikhulupiriro chawo chiletsa, ndipo kukana kukadawagwetsera chindapusa cha madola 100 pa tsiku pa wantchito aliyense. Munthu angathe kusiyana nawo maganizo pa nkhani ya kulera, ndipo ambiri oopa Mulungu amasiyana nawo. Koma boma la chuma chambiri chotere, likadafuna kugawa mankhwalawo, lidali ndi njira zosawerengeka zosadzera m'manja mwa sisitere. Amayi amenewa adalimbana m'makhoti zaka zambiri, mlandu wawo nufika ku Bwalo Lalikulu mu 2016 ndiponso mu 2020, pamene oweruza asanu ndi awiri mwa asanu ndi anayi adagamula mowakomera. Nthawi imene ikadasamala okalamba idathera kwa maloya.

Si anthu paokha amene adaumirizidwa. Zigawo zidauzidwa kuti chokana kukulitsa Medicaid chidzalandidwa ndalama zonse za Medicaid, ngakhale zimene chinkalandira kale. Ndipo pa mfundo iyi oweruza asanu ndi awiri, kuphatikizapo awiri osankhidwa ndi atsogoleri a chipani cha Democratic, adati kumeneko ndi kuopseza kosaloleka. Mu Julaye 2013 boma lomwelo, poona kuti ndime yokakamiza makampani aakulu kugulira antchito awo inshuwalansi idzetsa mavuto, lidangolengeza kuti iyamba chaka chimodzi mochedwa, osabwerera ku Nyumba ya Malamulo imene idalemba tsikulo. Makampani adapatsidwa mpumulo, mmisiri wa matabwa uja sadaupatsidwe.

Umboni wotsiriza udadza wokha. Mu Disembala 2017 Nyumba ya Malamulo idatsitsa chindapusa kufika pa ziro kuyambira 2019, ndipo akatswiri a Congressional Budget Office adalosera kuti m'zaka khumi anthu ena 13 miliyoni adzakhala opanda inshuwalansi. Tinkauzidwa kuti ndime youmiriza ndiyo mzati wa nyumba yonse. Mzatiwo udazulidwa, nyumba siidagwe. Ndipo pamene boma lidaonjezera thandizo la ndalama mu 2021 kuti mitengo ifikirike, anthu adabwera okha mwaunyinji, kotero kuti mu 2024 oposa 21 miliyoni adalembetsa inshuwalansi kudzera m'misika ya inshuwalansi imene lamuloli lidakhazikitsa, chiwerengero chimene sichidaonekepo m'zaka zonse za chindapusa. Anthu sadali opusa kapena aulesi ofunika kukwapulidwa. Adali osowa ndalama, monga Obama wa 2008 adanenera. Goli lonse lija, milandu yonse ija, chidani chonse chimene chidagawa dzikolo pakati, zidali zopanda chifukwa.

Otsutsa nawonso ali ndi mlandu wawo umene sindiwachotsera. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri atsogoleri a chipani cha Republican adafuula kuti adzafafaniza lamuloli ndi kuikapo labwino, koma atapatsidwa boma mu 2017 adapezeka alibe chogwirizana m'manja, ndipo usiku wa pa 28 Julaye John McCain wa chipani chawo chomwe adawakanira, bilu yawo nigwa ndi mavoti 49 kwa 51. Wokana chikoti ali ndi udindo wonena mmene wodwala khansa wopanda ndalama adzathandizidwire, ndipo pa udindo umenewu iwo adaperewera. Koma kulephera kwawo kumanga sikusandutsa chenjezo lawo kukhala bodza.

Ndalemba zonsezi kwa inu, owerenga a kuno kwathu, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo kunena zoona chidatifika kale. Mu 2007 boma la Malawi lidaletsa azamba kuchiritsa amayi, ndi cholinga chabwino chochepetsa imfa za uchembere, ndipo m'midzi yambiri mafumu adaika chindapusa cha mbuzi, nkhuku kapena ndalama pa mayi wochirira kunyumba kapena panjira. Amene adalipa sadali mkazi wa mphunzitsi wokhala pafupi ndi chipatala. Adali mayi wa kutali, wopanda ndalama ya kabaza, amene matenda adamyamba usiku mtsinje utadzaza. Bingu wa Mutharika adanena mu 2010 kuti chiletsocho chichotsedwe, koma mtima wolanga wosauka chifukwa cha kutalika kwa chipatala sudachoke pakati pathu. Ndipo popeza nthawi ndi nthawi timamva za maganizo okhazikitsa thumba la inshuwalansi ya zaumoyo m'dziko muno ndi za kulipiritsa m'zipatala za boma, ndikupemphani, aphungu athu ndi inu mafumu, kuti bilu yotere ikadzafika pamaso panu mudzaiwerenge yonse musanaivomere, mudzaitche msonkho ngati ili msonkho, ndipo ndime iliyonse yolipiritsa chindapusa munthu amene sadalakwire mnzake mudzaikane.